Kodi 2,147,483,647 ndi nambala yotani?

Funso: Ndine mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina ya m'boma la Dedza. Mnyamata wina adatikonzera pulogalamu ya pakompyuta yosungiramo mayina a ophunzira ndi manambala a foni a makolo awo. Titalowetsa manambala oyamba ndi 265, onse adasanduka 2147483647. Mnzanga wina akuti nambala imeneyi ndi prime, koma ine ndikukayika. Munthu angadziwe bwanji zimenezi pa nambala yaikulu chonchi? Nanga ili m'magulu ena ati a manambala? Ndikufuna ndikawafotokozere ana a Fomu 4.

Yankho: Zikomo aphunzitsi. Mnzanuyo akunena zoona. Nambala ya 2,147,483,647 ndi prime: palibe nambala yoigawa popanda chotsala kupatula 1 ndi iyo yomwe. Ndipo zimenezi zidatsimikizika kalekale, m'chaka cha 1772, kulibe kompyuta, kulibe ngakhale kakyuleta yamagetsi. Koma ndiyambe ndi vuto la mafoni a makolo, popeza gwero la vutolo ndi lomwenso likutsegulireni masamu onse a nambalayi.

Kompyuta imasunga nambala pogwiritsa ntchito 0 ndi 1 basi, ndipo malo alionse okhalamo 0 kapena 1 amatchedwa biti. Mapulogalamu ambiri akauzidwa kuti "apa pazikhala nambala yathunthu" amapatula mabiti 32. Biti imodzi imapita kosonyeza ngati nambalayo ili pamwamba kapena pansi pa ziro, ndiye pamatsala mabiti 31. Biti yakumapeto mtengo wake ndi 1, yotsatira 2, kenako 4, 8, 16, kumangowirikiza choncho mpaka ya nambala 31, yomwe mtengo wake ndi 1,073,741,824. Mabiti onsewa akakhala 1, ndiye kuti mwaphatikiza 1 + 2 + 4 + 8 mpaka 1,073,741,824, ndipo yankho lake ndi 2,147,483,647. Zili ngati mita yowerengera makilomita pa galimoto ikafika pa 999999: mipata yonse yadzaza, kutsogolo kulibenso malo. Tsono nambala ya foni ya kuno kwathu mukaiyamba ndi 265 imakhala ndi madijiti 12, kutanthauza kuti kompyuta ikuiona ngati nambala yoposa 265 biliyoni, yaikulu maulendo oposa 100 kuyerekeza ndi malire aja. Pulogalamu yanuyo itaona kuti siikwana, idangolemba nambala yaikulu kwambiri yomwe ingathe.

Muuzeni mnyamatayo asinthe malo a foniwo kuti azisunga mawu osati nambala. Nambala ya foni sitiiphatikiza kapena kuigawa, ndi dzina chabe lolembedwa m'madijiti, ndipo mukaisunga ngati nambala, ngakhale ziro woyambirira uja amasowa. Zomwe zidasanduka kale sizibwereranso, mudzafunika kuzilembanso kuchokera m'kaundula. Aonenso malo osungira fizi: ngati akuwerengera ndalama m'matambala ndi mabiti 32 omwewo, malire ake ndi K21,474,836.47, ndalama zomwe sukulu ingathe kudutsa mosavuta masiku ano.

Tsopano kumasamu. Mukaonjezera 1 pa nambala yathuyi mupeza 2,147,483,648, yomwe ndi 2 wochulukitsidwa ndi iye mwini ka 31, kapena kuti 2³¹. Choncho dzina lenileni la nambala yathu ndi 2³¹ − 1. Chonde ana anu aigwire m'maonekedwe amenewa. Madijiti khumi aja, 2, 1, 4, 7 ndi anzake, ndi chovala chabe chobwera chifukwa choti timawerenga m'magulu a khumi. Pafupifupi chilichonse chosangalatsa cha nambalayi chikuchokera ku 2³¹ − 1.

Komabe njira zomwe ana amazidziwa kale zili ndi ntchito yake, ayambire pomwepo. Ikuthera ndi 7, ndiye 2 ndi 5 sangaigawe. Madijiti ake mukawaphatikiza akukwana 46, ndiye 3 ndi 9 agwa, ndipo onse awiri akusiya 1. Mukaigawa ndi 7 itsala 1. Ndi 11 itsalanso 1. Ndi 31, 1 yemweyo. Mwana watcheru afunsa kuti bwanji chotsala chikungokhala 1 nthawi zonse. Chifukwa chake chili pa nambala yoyandikana nayo kumunsi, 2,147,483,646, yomwe imaphwanyika motere: 2 × 3 × 3 × 7 × 11 × 31 × 151 × 331. Manambala onsewa amagawa mnansiyo ndendende, ndiye akafika pa nambala yathu akuyenera kusiya 1. Ine ndimakonda kuwaonetsa ophunzira manambala atatuwa pamodzi pabolodi: wam'munsi ali ndi maprime asanu ndi awiri osiyana, wapamwamba ndi 2 yekhayekha ka 31, wapakati sagawika n'komwe. Kuyandikana pamzere wa manambala sikutanthauza kufanana makhalidwe ngakhale pang'ono.

Kuyesa 2, 3, 5, 7 ndi 11 sikutsimikizira kanthu pa nambala yoposa 2 biliyoni. Kodi tiyesa mpaka pati? Apa pali mfundo yoyamba yochepetsa ntchito. Ngati nambala ili a × b, sizingatheke kuti a ndi b onse apose square root yake. Onani kuti 46,340 × 46,340 = 2,147,395,600, yomwe yachepa pang'ono, pomwe 46,341 × 46,341 = 2,147,488,281, yomwe yapitirira. Ndiye ngati pali nambala yogawa 2,147,483,647, ina mwa izo iyenera kupezeka pa 46,340 kapena pansi pake. Tatsika kuchoka pa mabiliyoni kufika pa masauzande. Komanso palibe chifukwa choyesera 6 pamene 2 ndi 3 akanika, ndiye tingoyesa maprime okha, omwe alipo 4,792 m'dera limenelo. Kwa kompyuta imeneyo ndi ntchito ya kuphethira kwa diso. Kwa munthu wa cholembera ndi pepala, kugawa nambala ya madijiti khumi ka 4,792 popanda kuphonya ngakhale kamodzi ndi chintchito cha miyezi.

Amene adaigonjetsa ndi Leonhard Euler, katswiri wobadwira ku Basel m'dziko la Switzerland mu 1707, yemwe pa nthawiyo ankagwira ntchito ku St Petersburg ndipo maso ake adali atatsala pang'ono kutheratu. Njira yake ndi yomwe ndikufuna muimvetse bwino, chifukwa ndiye mtima wa yankho la funso lanu, ndiponso mwana wa Fomu 4 angathe kuigwiritsa ntchito.

Tiyambe ndi manambala ena a mtundu womwewu omwe amagawika. 2¹¹ − 1 ndi 2,047, ndipo 2,047 = 23 × 89. Yang'anitsitsani: 23 ndi 22 + 1, ndipo 89 ndi 88 + 1, kapena kuti 22 × 4 + 1. Nayenso 22 ndi 2 × 11. Tengani 2²³ − 1, yomwe ndi 8,388,607 = 47 × 178,481. Apa 47 ndi 46 + 1, ndipo 46 ndi 2 × 23. Tengani 2²⁹ − 1, yomwe ndi 536,870,911 = 233 × 1,103 × 2,089. Chotsani 1 pa aliyense mupeza 232, 1,102 ndi 2,088, ndipo onsewa amagawika ndi 58, yemwe ndi 2 × 29. Sizikuchitika mwangozi. Pierre de Fermat wa ku France adaiona mfundoyi mu 1640: ngati p ndi prime woposa 2, prime aliyense wogawa 2ᵖ − 1 amakhala 1 kuphatikiza nambala yogawika ndi 2p.

Chifukwa chake ndi ichi. Tengani prime q wosakhala 2, muzigawa naye 2, 4, 8, 16, 32 motsatizana, n'kumalemba zotsala. Zotsalazo zimazungulira, ndipo pakapita masitepe angapo 1 amabwera, kenako mzere umayambiranso. Mwachitsanzo ndi 7 zotsala ndi 2, 4, 1, 2, 4, 1: kuzungulira kumodzi ndi masitepe atatu. Ngati q amagawa 2³¹ − 1, ndiye kuti pa sitepe ya 31 chotsala ndi 1, choncho kutalika kwa kuzungulirako kuyenera kugawa 31. Popeza 31 ndi prime, ndipo kutalikako sikungakhale 1, kuyenera kukhala 31 yemweyo. Fermat adaonetsanso kuti pa sitepe ya q − 1 chotsala chimakhala 1 nthawi zonse. Ndiye 31 ayenera kugawa q − 1. Koma q sagawika ndi 2, kotero q − 1 amagawika ndi 2, ndipo tikaphatikiza ziwirizi, q − 1 amagawika ndi 62. Oyenera kuyesedwa atsala 63, 125, 187, 249, 311 ndi otsatira awo, kulumpha 62 nthawi iliyonse.

Euler adaonjezera mfundo yachiwiri: prime wogawa nambala ya mtundu umenewu amasiya 1 kapena 7 akagawidwa ndi 8. Yesani pa zitsanzo zija muona: 23 amasiya 7, 89 amasiya 1, 47 amasiya 7, 233 amasiya 1, 1,103 amasiya 7, 2,089 amasiya 1. Mfundo imeneyi ikuchotsa theka la otsala aja. 125 amasiya 5, atuluke. 187 amasiya 3, atuluke. 63 ndi 249 akhale. Otsala onse ali m'mizere iwiri yokha: 248k + 1 ndi 248k + 63, pomwe k akuimira nambala yathunthu iliyonse. Mukawawerenga mpaka pa 46,340 mupeza 186 mumzere woyamba ndi 187 mumzere wachiwiri, onse pamodzi 373, ndipo ambiri mwa iwo si maprime n'komwe, monga 63 ndi 249 omwe amagawika ndi 3. Prime woyamba woyenera kuyesedwa ndi 311. Euler adayesa otsalawo, palibe adagawa, ndipo adalengeza zotsatirazo m'kalata yopita kwa katswiri mnzake wa masamu, Bernoulli, mu 1772. Kuchoka pa mabiliyoni awiri, kufika pa 46,340, kufika pa 4,792, kufika pa ochepera 373, ndipo sitepe iliyonse ili ndi chifukwa chomveka. Kwa ine phunziro lalikulu la nambalayi lili pamenepa. Euler ankawerengera mwachangu kuposa anthu ambiri, inde, koma chidamupambanitsa n'chakuti adayamba wafunsa kuti wogawayo, ngati alipo, ayenera kuoneka bwanji.

Manambala a prime a maonekedwe a 2ᵖ − 1 amatchedwa maprime a Mersenne, potengera Marin Mersenne, wansembe wa ku France yemwe ankalemberana makalata ndi akatswiri ambiri a nthawi yake. Oyambirira ndi 3, 7, 31, 127, 8,191, 131,071 ndi 524,287, ochokera ku p = 2, 3, 5, 7, 13, 17 ndi 19. Wathuyu ndi wachisanu ndi chitatu. Mbiri yake ili ndi kuphonya kwambiri kwa anthu anzeru. Pietro Cataldi wa ku Italy adatsimikiza molondola za 17 ndi 19 mu 1588, koma adanenanso kuti 23, 29, 31 ndi 37 amapereka maprime, ndipo mwa anayiwa 31 yekha ndiye adali woona. Mu 1644 Mersenne adalemba mndandanda wake: 2, 3, 5, 7, 13, 17, 19, 31, 67, 127 ndi 257. Adalakwitsa poikamo 67 ndi 257, adasiyanso 61, 89 ndi 107. Za 67 zidaonekera poyera mu 1903 pamene Frank Nelson Cole adaonetsa pamsonkhano wa akatswiri a masamu ku New York kuti 2⁶⁷ − 1 = 193,707,721 × 761,838,257,287. Choncho anthu awiri adanena kuti 2³¹ − 1 ndi prime Euler asanabadwe, koma kunena kwawo kunalibe umboni, ndipo m'mindandanda yomweyo mudali zabodza.

Mwina mwaona kuti p nthawi zonse ndi prime. Ziyenera kutero, ndipo mabiti aja akuonetsa chifukwa chake. 2⁶ − 1 ndi 63, yemwe m'mabiti ndi 111111. Ma 1 asanu ndi mmodziwa mungawadule m'magulu awiriawiri, 11 11 11, kapena atatuatatu, 111 111. Gulu la 11 ndi 3, gulu la 111 ndi 7, ndipo 63 amagawikadi ndi 3 komanso 7. Ma 1 okwana 31 sangadulike m'magulu ofanana, ndiye njira imeneyi yogawira yatsekeka. Koma kutsekeka kwa njira imodzi sikutseka zonse, monga taonera pa 11, 23 ndi 29.

Apa ndiyankhe funso lomwe ana akakufunsani: kodi opanga makompyuta adasankha malire amenewa chifukwa ndi prime? Ayi. Adasankha mabiti 32 chifukwa cha kapangidwe ka makina, ndipo zoti malirewo ndi prime zidangokumana. Umboni wake onani malire a misinkhu ina. Mabiti 8 amapereka 127, prime. Mabiti 16 amapereka 32,767, yemwe ndi 7 × 31 × 151. Mabiti 64, omwe makompyuta ndi mafoni ambiri a lero amagwiritsa ntchito, amapereka 2⁶³ − 1, kapena kuti 9,223,372,036,854,775,807, ndipo popeza 63 amagawika ndi 3 komanso 7, nambala imeneyi imagawika ndi 7 komanso 127.

Pali kagulu kena kakang'ono kwambiri komwe nambala yathu ilimo. 31 uja nayenso ndi prime wa Mersenne, pakuti ndi 2⁵ − 1. Prime wa Mersenne yemwe p wake ndi prime wa Mersenne amatchedwa double Mersenne prime, ndipo odziwika alipo anayi okha: 7, 127, 2,147,483,647 ndi 2¹²⁷ − 1. Wotsatira akadakhala wochokera ku p = 8,191, koma kompyuta idaonetsa m'zaka za m'ma 1950 kuti ameneyo amagawika.

Gulu lomwe lidachititsa anthu akale kusaka manambalawa ndi la perfect number, nambala yomwe imafanana ndi kuphatikiza kwa manambala onse oigawa kupatula iyo yomwe. 6 = 1 + 2 + 3. 28 = 1 + 2 + 4 + 7 + 14. Euclid wa ku Alexandria adaonetsa zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe kuti prime aliyense wa maonekedwe a 2ᵖ − 1 amabala perfect number mukamuchulukitsa ndi 2ᵖ⁻¹. Choncho 3 × 2 = 6, 7 × 4 = 28, 31 × 16 = 496, 127 × 64 = 8,128. Euler adatsimikiza mbali inayo, yakuti perfect number aliyense wogawika ndi 2 amachokera m'njira imeneyi, palibenso ina. Nambala yathu ikachulukitsidwa ndi 1,073,741,824 imabala 2,305,843,008,139,952,128, perfect number wachisanu ndi chitatu, wa madijiti 19, yemwe ali ndi manambala omugawa 62. Ndipo pali chinthu chokoma chomwe ana angachione okha. 6 ndi 1 + 2 + 3. 28 ndi kuphatikiza kuyambira 1 mpaka 7. 496 ndi kuyambira 1 mpaka 31. Chimodzimodzinso, mukaphatikiza manambala onse kuyambira 1 mpaka 2,147,483,647 mupeza chinambala cha madijiti 19 chija ndendende. Fomula ya n(n + 1)/2 yomwe amaiphunzira pa arithmetic progression ikukwanira kutsimikiza zimenezi m'mizere iwiri.

Payokha, 2,147,483,647 ili kutali ndi kukhala perfect number. Monga prime aliyense, oigawa ake kupatula iyo yomwe ndi 1 yekha, ndiye ili m'gulu la deficient, manambala omwe kuphatikiza kwa owagawa kumaperewera. Ilibe mapasa, kutanthauza prime wosiyana nayo ndi 2 basi: kutsika ndi 2 mupeza 2,147,483,645 wogawika ndi 5, kukwera ndi 2 mupeza 2,147,483,649, yemwe ndi 3 × 715,827,883. Prime woyandikana nayo kumunsi ndi 2,147,483,629, kumtunda ndi 2,147,483,659. Mukandandalika maprime onse kuyambira 2, yathuyi ili pa nambala 105,097,565.

Nkhani ya masikweya ndiyofunika kuimapo pang'ono, chifukwa imaonetsa mphamvu ya chotsala. Maprime ena amalembeka ngati kuphatikiza masikweya awiri: 5 = 1 + 4, 13 = 4 + 9, 29 = 4 + 25. Kodi wathuyu angatero? Simufunika kusaka. Sikweya iliyonse ikagawidwa ndi 4 imasiya 0 kapena 1, ndiye masikweya awiri pamodzi amasiya 0, 1 kapena 2. Nambala yathu ikuthera ndi 47, yemwe amasiya 3. Basi, sizingatheke. Nanga masikweya atatu? Sikweya ikagawidwa ndi 8 imasiya 0, 1 kapena 4, ndipo mungasakanize zitatu mwa zimenezi mulimonse, 7 simumupeza. Madijiti atatu omaliza a nambala yathu ndi 647, ndipo 647 = 640 + 7. Zakanikanso. Koma Joseph-Louis Lagrange adatsimikiza mu 1770 kuti nambala yathunthu iliyonse imalembeka ndi masikweya osaposa anayi. Choncho yathuyi ili m'gulu la zofuna anayi onse, limodzi ndi 7, 31 ndi 127. Ana ayese: 7 = 4 + 1 + 1 + 1, ndipo 31 = 25 + 4 + 1 + 1.

Masiku ano maprime a Mersenne satsimikiziridwanso pogawa. Édouard Lucas wa ku France adapeza njira ina, yomwe adatsimikizira nayo mu 1876 kuti 2¹²⁷ − 1, nambala ya madijiti 39, ndi prime, ndipo D. H. Lehmer wa ku America adaikonza bwino m'zaka za m'ma 1930. Mumayamba ndi 4. Pa sitepe iliyonse mumachulukitsa nambalayo ndi iyo yomwe, kuchotsa 2, kugawa ndi nambala mukuiyesayo, n'kusunga chotsala. Mukachita zimenezi ka p − 2 n'kupeza 0, ndi prime. Mukapeza china, si prime. Tiyese 31, pomwe p ndi 5, masitepe atatu. 4 × 4 − 2 = 14. Kenako 14 × 14 − 2 = 194, ndipo 194 akagawidwa ndi 31 amasiya 8. Kenako 8 × 8 − 2 = 62, yemwe ndi 31 × 2, chotsala 0. Tiyesenso 2,047, masitepe asanu ndi anayi: 14, 194, 788, 701, 119, 1,877, 240, 282, 1,736. Womaliza si 0, ndiye si prime, ngakhale njirayi siinatiuze kuti omugawa ndi 23 ndi 89. Pa 2,147,483,647 pamafunika masitepe 29 okha. Njira imeneyi ndi yomwe gulu la GIMPS, lomwe George Woltman adayambitsa mu 1996, limatsimikizira nayo maprime omwe anthu ongodzipereka amasaka ndi makompyuta awo. Mu Okutobala 2024, Luke Durant adapeza 2¹³⁶²⁷⁹⁸⁴¹ − 1, ya madijiti 41,024,320, prime wa Mersenne wa nambala 52 mwa odziwika. Mpaka pano palibe adatsimikiza ngati maprime a Mersenne ali ndi mapeto kapena ayi, ndipo palibe adapeza perfect number wosagawika ndi 2 kapena kutsimikiza kuti kulibe.

Mu 1811 katswiri wina wa ku England, Peter Barlow, adalemba kuti perfect number wochokera ku nambala yathuyi ndiye wamkulu yemwe adzapezeke, popeza manambalawa ndi ongochititsa chidwi koma opanda ntchito, ndiye palibe adzavutike kusaka wina. Adaphonya pawiri. Za kusaka mwaziona kale. Za ntchito, uprime wa 2,147,483,647 umagwira ntchito m'makompyuta popanga manambala ooneka ngati achisawawa, ofunika pochita kafukufuku ndi poyerekeza zinthu. Mumatenga nambala, kuichulukitsa ndi 16,807, yemwe ndi 7⁵, kugawa ndi 2,147,483,647, n'kusunga chotsala. Chotsalacho mumachitanso nacho chimodzimodzi. Chifukwa chakuti wogawayo ndi prime ndipo 16,807 adasankhidwa bwino, mzerewo umadutsa manambala onse kuyambira 1 mpaka 2,147,483,646, aliyense kamodzi, usanabwerere poyambira. Stephen Park ndi Keith Miller adailimbikitsa njirayi mu 1988, ndipo ikupezekabe m'chilankhulo cha mapulogalamu cha C++.

Palinso tsiku lomwe nambalayi yasunga. Makompyuta ambiri amawerenga nthawi m'masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970. Masekondi 2,147,483,647 ndi zaka 68 ndi masiku ochepa, ndipo adzakwana pa 19 Januwale 2038, nthawi ili 03:14:07 ku Greenwich, kuno kwathu ili 05:14:07 m'mawa. Makina omwe adzakhale akusungabe nthawi m'mabiti 32 adzalumphira m'mbuyo mpaka Disembala 1901. Makina atsopano ambiri adasamukira kale ku mabiti 64, nkhawa yatsala pa zipangizo zakale zomwe zimakhala zaka zambiri osasinthidwa.

Kwa ana anu, ndikupempha kuti musawapatse nambala yaikuluyi kuti aiyese, idzawafooketsa. Apatseni 8,191, yemwe ndi 2¹³ − 1, ayende m'mapazi a Euler. Square root yake ndi 90 ndi kanthu pang'ono. Omugawa ayenera kukhala 26k + 1, ndiye oyesedwa ndi 27, 53 ndi 79. Pogawa ndi 8, 27 amasiya 3, 53 amasiya 5, 79 amasiya 7, choncho watsala 79 yekha. 79 × 103 = 8,137, chotsala 54. Kugawa kamodzi kokha, atsimikiza kuti 8,191 ndi prime. Akakhutira, apatseni 131,071, yemwe ndi 2¹⁷ − 1. Malire ndi 362, oyesedwa ndi 34k + 1, ndipo akachotsa osasiya 1 kapena 7 komanso 273 yemwe amagawika ndi 3, atsala ndi 103, 137 ndi 239. Zotsala zomwe ayenera kupeza ndi 55, 99 ndi 99. Omaliza msanga muwapatse 2²³ − 1 osawauza kanthu, muone amene ayambe kuyesa 47.